Masabata 7 kudikira chilolezo cha inshuwalansi, ola limodzi kupimidwa mitsempha ya dzanja

Singano inayamba kundipulumuka m'zala chaka chatha. Ndine telala, ndakhala pa makina zaka 22, ndipo ulusi ndinkaulowetsa pa singano uku ndikucheza ndi kasitomala, osayang'ana n'komwe. Kenaka dzanja lamanja linayamba kuchita dzanzi. Masana linkandilola kugwira ntchito, koma usiku, cha m'ma 2 koloko, ndinkadzidzimuka chala chachikulu, cholozera ndi chapakati zitauma gwa, mkati mwake muli ngati mukuyenda nyerere. Ndinkakhala tsonga m'mphepete mwa bedi n'kumalikutumula dzanjalo mpaka limasuke. Kachala kakang'ono kokha ndi kamene kankatsala kali bwinobwino. Ine ndinkayesa kuti zimenezo n'zosafunika kunena, koma adokotala a mitsempha atamva anasiya kulemba n'kundiyang'ana. "Mayi, mukuti kakang'onoko sikachita nawo?"

Ndikufuna ndinene za malo awiri amene ndinadutsamo kuchokera tsiku limenelo. Oyamba ndi ofesi ya zilolezo ya kampani ya inshuwalansi ya zachipatala, imene banja lathu lilimo kudzera kuntchito kwa bambo a kunyumba. Achiwiri ndi chipinda chimene amapimiramo mitsempha ndi minofu. M'chipindamo ndinakhalamo ola limodzi ndipo ndinatuluka ndikudziwa chimene chikundivuta. Ofesi ya zilolezo inandidyera masabata 7, ndipo ambiri mwa masabata amenewo sanafunike kutayika.

Adokotala anandifotokozera kuti mitsempha imene akunena si ya magazi ayi, koma ija imanyamula uthenga pakati pa ubongo, khungu ndi minofu. Umodzi mwa iyo, wotchedwa median, umatsika mumkono n'kudutsa pa kampata kothina pamfundo ya dzanja, limodzi ndi tizingwe 9 tokoka zala. Kampata kameneka ndi kamene amakatcha carpal tunnel. Mtsemphawu ndi umene umachititsa kuti chala chachikulu, cholozera, chapakati ndi theka la chala cha mphete zizimva kukhudzidwa. Kachala kakang'ono kali ndi mtsempha wakewake, wa ulnar, uja umathetheka munthu ukagunditsa chigongono pa tebulo. N'chifukwa chake funso lija analibwereza.

Anandipima ndi manja okha kaye. Anandipinditsa manja onse awiri, kumbuyo kwake kutagundana, n'kunena kuti ndikhale choncho mphindi imodzi. Mphindiyo isanathe dzanzi linali litafika. Anagogoda pamfundo ya dzanja ndi chala chawo, kamphezi n'kuthamanga mpaka kunsonga za zala. Kenaka anati ndikweze chala chachikulu kuloza kudenga iwo akuchikanikiza, ndipo chakumanja chinagonja msanga kusiyana ndi chakumanzere.

Anati zonsezi zikuloza ku carpal tunnel, koma sakanatsimikiza ndi zimenezi zokha. Mtsempha ukafinyika m'khosi, pamene mizu yake imatulukira m'mafupa a msana, dzanzi limatha kufika pa zala zomwezi. Matenda a shuga nawonso amawononga mitsempha. Dokotala wa opaleshoni sangafune kung'amba dzanja pamene vuto lili m'khosi. Choncho analemba kuti ndipimidwe m'njira ziwiri: NCS, yoyeza liwiro la uthenga mumtsempha, ndi EMG, yomvetsera minofu ndi kasingano. Analemba manja onse awiri, poti lamanzere nalo linali litayamba kudandaula.

Kampani yathu silipira kupima kotereku ngati sinavomereze pasadakhale. Lamuloli palokha sindikulitsutsa. Ndalama zimene amalipirazo ndi zimene tonse timasonkha mwezi ndi mwezi, ndipo n'koyenera kuti pakhale wina wofunsa ngati kupimako kukufunikadi. Chimene chinandipweteka ndi mmene funsolo amalifunsira, kapena ndinene kuti mmene samalifunsira.

Mlembi wa kuchipatala, mayi wachikulire wodekha kwambiri, anatumiza pempho tsiku lomwelo. Atapita masiku 9 kuli zii, ndinaimba ndekha. Ndinamvetsera kanyimbo ka pafoni mphindi 25, ndipo amene anayankha anangoti pempho langa likuunikidwa. Patapita masiku awiri ndinaimbanso. Anayankha munthu wina, ndipo tinayambiranso poyambirira: nambala ya membala, tsiku lobadwa, dzina la mwini inshuwalansi, dzina la chipatala. Yankho linali lomwe lija, likuunikidwa. Ulendo wachitatu ndinapeza mnyamata wina amene sanathamangire kundichotsa pafoni. Anati, "Amayi, tadikirani nditsegule fayilo yonse, ndisangowerenga mzere wapamwambawu." Anakhala chete kanthawi, ndikungomva mabatani a kompyuta. Atabwerera anandiuza kuti pempholo silikuunikidwa ndi aliyense. Linaimikidwa tsiku lachiwiri chilifikireni, chifukwa ankafuna zolemba za adokotala za tsiku limene anandipima. Uthenga wopempha zolembazo unapita ku imelo yakale ya chipatala, imene sinkatsegulidwanso.

Masiku 12 pempho lili phee, likudikira pepala limene ine, mlembi ndi adokotala sitinkadziwa kuti likufunika. Nambala yanga ya foni anali nayo. Mwezi uliwonse amanditumizira mauthenga otsatsa zinthu zina pa nambala yomweyo. Kauthenga kamodzi kokha, konena kuti pakusowa chakuti, kakanatha nkhani yonse tsiku lomwelo. Anthu awiri oyamba aja anali ndi fayilo yomweyo patsogolo pawo, ndipo sindikuganiza kuti anali oipa mtima. Ndikuganiza kuti anawaphunzitsa kuwerenga mawu amodzi amene ali pamwamba n'kupita kwa woimba wotsatira. Koma kwa munthu amene sakugona usiku, mawu akuti likuunikidwa amamupatsa chiyembekezo chabodza, ndipo amasiya kufufuza.

Zolemba zinapita. Patatha sabata kunabwera kalata yokana.

Kalatayo ndinaiwerenga katatu ndili chiimire pafupi ndi makina. Inali ndi zifukwa ziwiri, zolembedwa m'chilankhulo cha maofesi chimene wodwala wamba sangachimve msanga. Choyamba, akuti sizikuoneka kuti kupimako n'kofunika malinga ndi matenda amene alembedwa. Chachiwiri, akuti palibe umboni woti ndinayesapo chithandizo chosavuta ndisanafike pa kupima. Chachiwirichi chinandikwiyitsa mpaka manja kunjenjemera, chifukwa ndinali nditagona ndi chomangira dzanja masabata 6 osadumpha usiku ndi umodzi womwe, chija cha kachitsulo mkati choletsa dzanja kupindika munthu uli mtulo. Magazi anali atandipima shuga ndi chithokomiro, zonse zili bwino. Ndinali nditachepetsa ntchito ya sizasi mpaka makasitomala ena kupita kwina.

Ndinapita nayo kalatayo kwa mlembi uja ndikulira ndithu. Anandikhazika pampando, n'kutulutsa fomu imene inatumizidwa, n'kuiika pambali pa kalatayo. "Mayi," anatero, "anthu a uko dzanja lanu sanalione. Amaona pepala. Chimene sichili papepala, kwa iwo sichinachitike." Ndiye anandilozera ndi cholembera. Matenda onse ali ndi nambala zake m'buku la bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, lotchedwa ICD-10, ndipo makampani a inshuwalansi amawerenga nambalazo asanawerenge china chilichonse. Pa fomu yanga panali R20.2, imene imangotanthauza dzanzi kapena kumva ngati nyerere zikuyenda pakhungu. Nambala zoyamba ndi R ndi za zizindikiro chabe, osati matenda enieni. Ya carpal tunnel ndi G56.0, m'gulu la matenda a mitsempha. Fomuyo inkanena za mayi wina amene khungu likumuchita dzanzi, basi. Za chala chofooka, za usiku wosagona, za miyezi 8, munalibe. Za chomangira dzanja nazo munalibe, chifukwa anandipatsa ndi dokotala woyamba, wa chipatala china, ndipo zinali mu fayilo ya kumeneko.

Apa ndiyenera kunena chilungamo: mbali ina ya vutoli inali ya kuchipatala, ndipo mlembiyo anavomera yekha osadikira kuti ndimuloze chala. Koma kampaniyo ikanatha kufunsa isanakane. Kukana kumatanthauza kuyambiranso, ndipo ndikudziwa kuti anthu ambiri akalandira kalata yotere amangoipinda n'kuiika m'kabati, poganiza kuti mawu a kampani ndi omaliza. Si omaliza. Pansi penipeni pa kalatayo, m'zilembo zing'onozing'ono, panali mzere wonena kuti munthu atha kupempha kuti aunikenso. Mzere umenewo unayenera kukhala pamwamba.

Masiku atatu otsatira ndinasandutsa ntchito yotolera mapepala. Ndinakatenga zolemba za dokotala woyamba zokhala ndi tsiku limene anandilembera chomangira dzanja, lisiti ya chomangiracho, ndi zotsatira za magazi. Ndinalembanso ndekha tsamba limodzi: dzanzi linayamba liti, zala ziti, ndimadzuka kangati usiku, ndi ntchito ziti zimene zayamba kundikanika, monga kumanga mabatani ang'onoang'ono ndi kutola phini pa tebulo. Adokotala a mitsempha analemba kalata yaifupi koma yolunjika. Ananena za kufooka kwa chala chachikulu, ananena kuti kamnofu ka patsinde pake kayamba kuphwa, ndipo ananena chimene zotsatira za kupimako zidzasinthe: opaleshoni ya dzanja, kapena kufufuza khosi. Mlembi anandiuza kuti mfundo yomalizayi ndi imene owunika amaifuna kwambiri, yakuti kupimaku kukachitika adokotala adzachita chiyani chimene sakanachita popanda iko.

Ndipamene ndinadziwa kuti pali njira ina imene palibe aliyense wa ku kampaniyo ananditchulirapo pa maulendo onse amene ndinaimba. Dokotala wako atha kupempha kulankhula pafoni ndi dokotala wa kampani, awiriwiri. Adokotala anga anaimba pakati pa odwala awiri, ndipo mlembi akuti sizinathe mphindi 10. Mawa lake chilolezo chinatuluka.

Ndinasangalala msanga. Mlembi ataliwerenga bwino pepalalo anapeza kuti avomereza NCS yokha, dzanja lamanja lokha. EMG anaisiya. Munthu wosadziwa angaganize kuti theka ndi labwino kuposa kusowa, koma pa nkhani yanga theka limenelo silikanayankha funso. NCS imaona bwino pamene mtsempha wafinyika m'njira, monga pamfundo ya dzanja, koma vuto la mizu ya m'khosi imatha kulidutsa osaliona. EMG ndi imene imaonetsa ngati minofu yolandira uthenga kuchokera ku muzu wina yakhudzidwa, komanso ngati mtsempha wawonongeka mpaka mnofu kuyamba kuusowa. Ndikanapita ndi chilolezo chimenecho n'kupimidwa zonse ziwiri, EMG ikanagwera ine kulipira. Panapitanso sabata ina kuti akonze. Chilolezo chokonzedwacho chinabwera ndi nambala yake komanso malire a masiku 30, pamene mndandanda wa kuchipinda chopimira unandiika pa tsiku la 34. Ndinapulumuka chifukwa wodwala wina anasintha tsiku lake, mlembi n'kundiimbira madzulo kuti ndifike m'mawa.

Nthawi yonseyi ndinkayang'ana manja anga tsiku ndi tsiku. Ndinkawatambasula pa nsalu, zikhatho kumwamba, n'kuyerekeza kamtunda kaja ka patsinde pa chala chachikulu. Kumanzere kanali kodzaza. Kumanja kanali katalowa pang'ono, ngati pilo wogonedwa nthawi yaitali. Sindikunena kuti masabata 7 ndi amene anakaphwetsa, vutoli linayamba kale. Koma mtsempha wofinyika sudikira ofesi. Poyamba chimawonongeka ndi chikuto chake, ndipo chimenecho chimachira bwino kufinyako kukachoka. Zikapitirira, timaulusi ta mkati timayamba kufa, ndipo kuphukanso kwake n'kwapang'onopang'ono, pafupifupi milimita imodzi patsiku. Mnofu umene wakhalitsa wopanda mtsempha subwerera wonse nthawi zonse. Ofesi imene imagwira mapempho a matenda a mitsempha iyenera kudziwa zimenezi kuposa ine, ndipo pempho lonena za kufooka kwa mnofu siliyenera kukhala pamzere umodzi ndi mapempho amene angadikire.

Tsopano za chipinda chopimira, chimene ndimachikumbukira ndi mtima wabwino.

Anandiuza dzulo lake kuti ndisadzole mafuta m'manja ndi m'mikono, chifukwa amalepheretsa timawaya kumata bwino pakhungu. Nditafika anandifunsa ngati ndimamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi monga warfarin, ndiponso ngati ndili ndi kachipangizo kothandiza mtima kugunda. Manja anga anali ozizira, ndiye anandiviikitsa m'beseni la madzi ofunda mphindi zingapo. Adokotala opima anati mtsempha wozizira umayendetsa uthenga mochedwa, moti munthu wabwinobwino angaoneke ngati wodwala, choncho amafuna khungu la dzanja lifike cha m'ma digiri 32. Kanthu kakang'ono kameneka kanandikhazika mtima pansi. Ndinaona kuti ndili m'manja mwa munthu wosathamangira ntchito.

Kenaka anatulutsa tepi yoyezera, yofanana ndendende ndi imene ndimakoleka m'khosi tsiku lonse. Anayeza kuchokera pamfundo ya dzanja kufika pachigongono, n'kuika timadontho pakhungu ndi cholembera, monga momwe ine ndimaikira choko pa nsalu. Anati makina amawerenga nthawi, iwo amayeza mtunda, ndipo ziwirizi zikaphatikizidwa liwiro limadziwika. Mtsempha wabwino wa mumkono umathamangitsa uthenga mamita 50 kapena kuposerapo pa sekondi imodzi.

Magetsiwo amapweteka, ndisaname. Aliyense amene anagwirapo ayironi yotaya magetsi akudziwa kunyanyuka kwake, kungoti apa kumabwera pamalo amodzi n'kutha nthawi yomweyo. Amayamba pang'ono, mwina osamva n'komwe, n'kumawonjezera mpaka chala chachikulu chikudumpha chokha iwe osachiuza. Chimene chinandithandiza n'chakuti ulendo uliwonse ankanena kaye, "Kakubwera, mayi," asanadine. Sanandidzidzimutse ngakhale kamodzi.

EMG ndi imene ndinkaiopa, ngakhale moyo wanga wonse ndi wa masingano. Kasinganoko n'kowonda kwambiri, sikabaya mankhwala ndipo sikatulutsa magetsi. Kamangomvetsera. Makina ali ndi sipika, ndiye umamva mnofu wako ndi makutu ako. Anayamba ndi minofu ya mumkono. Ndikaumasula mnofu, sipika inkakhala chete. Akati ndikunge pang'ono, pankamveka kuthetheka, ndipo ndikakunga kwambiri phokoso linkadzaza chipinda. Anati umo ndi mmene mnofu wabwino umachitira, umakhala chete ukamapuma. Anapima timinofu ta kumbuyo kwa khosi, namonso chete. Atafika pa kamtunda ka chala chachikulu chakumanja, pamene pankapweteka kuposa pena paliponse, anandiuza kuti ndimasule dzanja lonse. Ndinamasula. Sipika sinakhale chete. Munkamveka timadontho, ta, ta, ta, ngati mvula ikamayamba kugwa padenga lamalata. Adokotala anati amenewo ndi timaulusi ta mnofu timene tataya mtsempha wake ndipo tikugunda tokha. Ndinagwetsa misozi, osati chifukwa cha kasingano. Chinthu chimene ndinakhala ndikuchifotokoza miyezi yonseyi, chimene kalata ija inati sichikuoneka, chinali kumveka m'chipinda monse.

Atamaliza anatembenuza kompyuta kuti ndione nawo. Kuchokera pachigongono kufika pamfundo, liwiro linali bwino. Podutsa pa kampata kaja uthenga unkachedwa: pamene umayenera kutenga zigawo 4 ndi pang'ono mwa zigawo 1,000 za sekondi, wanga unkatenga zoposa 6. Dzanja lamanzere linali ndi vuto lomwelo koma lochepa, loti chomangira chingathandize. Khosi linalibe mlandu. Pa malo obayidwa panatsala kachipsera kakuda kamene kanatha patapita masiku awiri, ndipo madzulo a tsiku lomwelo ndinasoka mpendero wa siketi.

Nditati ndipereke malikisi, chipinda chopimira chitenge 5 mwa 5, pamodzi ndi mlembi uja. Ofesi ya zilolezo ndiipatsa 2. Imodzi ndi ya mnyamata amene anatsegula fayilo yonse. Inayo ndi yakuti pamapeto pake analipira zonse zimene anavomereza popanda kukangana, ngakhale kalata ya chilolezo inali ndi mawu akuti kuvomereza si lonjezo la kulipira, mawu amene anandisowetsa mtendere mpaka tsiku limene pepala la malipiro linafika. Mlembi akuti zinadutsa bwino chifukwa nambala ya chilolezo, dzina la kupima ndi dzanja lopimidwa zinafanana pa mapepala onse. Malikisi atatu otsalawo ndawamana chifukwa cha masiku 12 a chete, kalata yosamveka, ndi njira ya dokotala kwa dokotala imene anaibisa m'thumba.

Opaleshoni ya dzanja lamanja nayo ikufuna chilolezo, ku ofesi yomweyo. Sabata yatha ndinapita kwa mlembi ndi envelopu yanga yaikulu, muli kalata yokana ija, lisiti ya chomangira, ndi masamba atatu a zotsatira za NCS ndi EMG. Ndinapempha kuona fomu isanatumizidwe, ndipo ndinayendetsa chala mpaka ndinapeza G56.0 ndi mawu akuti dzanja lamanja. Tsiku lachiwiri ndinaimba. Mtsikana amene anayankha atayamba kunena kuti likuunikidwa, ndinati, "Pepani achemwali, tatsegulani fayilo yonse. Pali pepala lililonse limene mukulidikira?" Anatsegula. Linalipo limodzi, kalata ya dokotala wa opaleshoni, ndipo linapita masana omwewo.